Kuika Haiku pa laputopu yakale: zolemba za momwe ntchito ikuyendera

5 Okutobala: cholinga ndi zipangizo

Ndikukonza kompyuta yoti izigwira ntchito ziwiri basi: kulembapo, ndi kusungapo makalata, malisiti ndi zithunzi zakale zimene ndakhala ndikujambula pa sikana. Mafayilowo ndi ambirimbiri, ndipo mayina awo ndi manambala amene sikana inkangopereka yokha. Malo osungira si vuto. Chondivuta n'kupeza kalata imodzi pa nthawi imene ndaifuna.

Sisitimu imene ndasankha ndi Haiku. Si mtundu wina wa Linux ayi, komanso si BSD. Ndi sisitimu payokha, ndipo khodi yake ili poyera kuti aliyense aiwerenge, aisinthe ndi kuigawa. Inayamba mu 2001 ndi dzina loti OpenBeOS, chaka chimene kampani ya Be Inc. inagulitsa katundu wake kwa Palm, sisitimu yake ya BeOS n'kutsala yopanda woipititsa patsogolo. Anthu amene ankaikonda anaganiza zoilembanso kuyambira pansi, ndipo dzina la Haiku linabwera mu 2004. Gawo lalikulu la khodiyo lili pa layisensi ya MIT. Mpaka pano ikadali pa beta, ndiye kuti ikuyesedwabe. Beta yoyamba inatuluka mu 2018, ndipo imene ndikuika ine ndi R1/beta5, ya mu Seputembala 2024.

Chinandikoka n'chakuti kernel (phata la sisitimu), mawindo, pulogalamu yoonera mafayilo ndi kasungidwe ka pa disiki, zonsezi zimalembedwa pamodzi ndi cholinga chimodzi: kompyuta ya munthu mmodzi wokhala pa desiki, ali ndi kiyibodi ndi mausi. Maganizo a foni sanalowemo.

Zipangizo ndi izi. Laputopu ya cha m'ma 2012, purosesa ya 64-bit, RAM ya 4 GB. Hadi disiki yake ndi yozungulira ija ndipo yayamba kulira, choncho ndagula SSD ya 120 GB yogwiritsidwapo kale. Fulashi ya 8 GB, chingwe cha netiweki, sikuludiraiva yaing'ono ndi disiki yakunja ndinali nazo kale. Haiku yeniyeniyo ndi yaulere. Mpaka lero ndalama zatuluka pa SSD yokha.

6 Okutobala: kuyesa pa fulashi, sikirini yada

Ndatsitsa fayilo ya 64-bit, ndayerekeza SHA256 yake (nambala yotsimikizira kuti fayilo yabwera yathunthu) ndi imene eni ake anafalitsa, zagwirizana. Fayiloyi ndi ya mtundu umene amautcha anyboot, yoti mutha kuiika pa DVD kapena pa fulashi mosasintha kanthu. Ndailemba pa fulashi ndi lamulo la dd kuchokera pa kompyuta ina ya Linux. Pali ya 32-bit imene imathabe kuyendetsa mapulogalamu akale a BeOS R5, koma ine ndilibe pulogalamu yotero, ndiye ndaisiya.

Laputopu inakana fulashiyo poyamba. Chifukwa chake ndi Secure Boot, chitetezo chimene chimakana kuyatsa sisitimu yosavomerezeka. Ndalowa mu zosankha za UEFI (pulogalamu yoyatsa kompyuta, imene inalowa m'malo mwa BIOS), ndaizimitsa, yalola.

Haiku ikamayaka imaonetsa tizithunzi tisanu ndi tiwiri tondandalikana, timene timawala kamodzikamodzi. Muzitiyang'anitsitsa, chifukwa si tokongoletsera chabe. Kalikonse kakuimira gawo lina la kuyaka. Ikaima pa kachinayi, ka disiki, ndiye kuti sikupeza disiki imene yayakira, ndipo kusintha doko la USB kumathandiza nthawi zambiri. Komaliza ndi ka roketi. Kwa ine tonse tinawala mpaka roketi, kenako sikirini inada bii, fani ikuzungulira, nyali ya fulashi ikuphethira. Zikatero sisitimu ili moyo, chavuta ndi kujambula pa sikirini basi.

Njira yake: yatsaninso, ndipo tizithunzi tija tisanaoneke muzidina batani la Space mobwerezabwereza. Pa makompyuta oyakira BIOS yakale mumagwira Shift, koma pa UEFI ndi Space imene imamveka. Mubwera pa menyu ya zolemba zokhazokha. Lowani mu "Select safe mode options", sankhani "Use fail-safe graphics driver", pitirizani kuyatsa. Desktop yatuluka ya buluu, sikirini yonse yadzaza bwinobwino.

Pano ndi pamene ndikupemphani anzanga kuti musathamange. Musanamasule sikuluwu ngakhale imodzi, khalani pa fulashiyo n'kuyesa chipangizo chilichonse. Haiku imalembedwa ndi anthu ochepa, ambiri mwa iwo ongodzipereka, ndipo kuyenda kapena kukanika kwake pa kompyuta yanu kumadalira madalaivala, timapulogalamu toyendetsa chipangizo chilichonse. Tsegulani Terminal, windo lolembamo malamulo, lembani listdev ndi listusb, muone zimene yazindikira. Kwa ine mawu akutuluka pa sipika ndi pa mahedifoni. Touchpad ikugwira. Netiweki ya chingwe yalumikizana yokha. Kamera sikuoneka, ndipo sindikuifuna. Wi-Fi kulibe: khadi lake likuoneka pa mndandanda wa listdev, koma mu Network mulibe dzina lake.

12 Okutobala: SSD yalowa, koma sikuyaka

Kusintha disiki kunali kwachangu. Batire kunja, chitseko cha pansi, sikuluwu, kachitsulo kogwira disiki n'kukasamutsira pa SSD.

Pulogalamu ya Installer siigawa disiki yokha. Imakutumizani ku DriveSetup. Kumeneko ndapanga tebulo la GPT, kenako chigawo chaching'ono cha mtundu wa "EFI system data" chomwe ndachikonza ngati FAT32, ndipo malo otsala onse ndawakonza ngati Be File System (BFS), kasungidwe ka mafayilo ka Haiku. Pokonza BFS pamabwera kabokosi koti "Enable query support". Kamakhala kochongedwa kale, ndipo musakachotse. Ntchito yonse imene ndikuikira Haiku yatsamira pa kabokosi kameneko.

Kukopera mafayilo kunatha ndisanamalize n'komwe kusonkhanitsa sikuluwu zotsala. Ndachotsa fulashi, ndayatsa, laputopu n'kunena kuti palibe choyakira.

Installer imakopera sisitimu, koma pa UEFI siikuikirani kafayilo koyatsira. Mumachita nokha. Ndayatsanso ndi fulashi, ndatsegula chigawo chaching'ono cha FAT chimene chili pa fulashiyo, ndatsegulanso chigawo cha EFI cha pa SSD. Pa SSD ndapanga foda ya EFI, mkati mwake ya BOOT, n'kukoperamo BOOTX64.EFI. Yayaka. Ngati disiki yanu ili kale ndi sisitimu ina, samalani kuti musalembe pamwamba pa fayilo ya dzina lomwelo imene ilimo kale. Yanga ndi ya Haiku yokha, ndiye nkhawa imeneyo inalibe malo.

13 Okutobala: kukhazikitsa yankho la sikirini

Kudina Space tsiku ndi tsiku si yankho. Mafayilo a sisitimu ya Haiku amakhala m'mapaketi (maphukusi) osalembeka, choncho simungangofufuta dalaivala wovutayo. Mumauza sisitimu kuti isamuone.

Choyamba ndinatsimikiza kuti wovuta ndi uti. Mu menyu ya safe mode muja muli "Disable system components", pomwe mutha kuzimitsa fayilo imodzi kwa kuyaka kumodzi kokha. Ndazimitsa dalaivala wa khadi la zithunzi yekha, popanda kusankha china, desktop yatuluka. Kenako ndapanga fayilo ya zolemba yotchedwa packages mu /boot/system/settings. Mkati mwake mumalemba Package haiku, kenako BlockedEntries, n'kuikamo njira ya dalaivalayo kuyambira pa add-ons/kernel/drivers/bin/. Kuyambira pamenepo ikuyaka yokha.

Mtengo wa yankho limeneli ulipo. Sikirini ikuyendera framebuffer, njira wamba yojambulira imene UEFI yapereka, ndiye kukula kwa chithunzi sikusinthika sisitimu itayaka, ndipo kuwala kwa sikirini sindingakuchepetse kuchokera mu Haiku. Kukula kwake kwagwirizana ndi sikirini yanga, choncho zolemba zikuoneka zakuthwa. Kuwalako kokha ndiye kukunditopetsa maso usiku. Ndasintha mitundu mu Appearance kukhala yakuda, zomwe beta5 yazipeputsa kwambiri, ndipo zathandizako.

19 Okutobala: Wi-Fi

Madalaivala ambiri a netiweki mu Haiku ndi ochokera ku FreeBSD, ndipo kuyambira pa beta4 ya mu Disembala 2022 anawonjezapo ena a Wi-Fi ochokera ku OpenBSD. Pali kapulogalamu kotchedwa install-wifi-firmwares.sh kotsitsa firmware (pulogalamu imene khadi limayendera) ya makhadi ena akale. Ndakayendetsa ndili pa chingwe, koma khadi langa silili m'gulu limenelo. Dalaivala wake kulibe, ndipo palibe chosankha chimene chingasinthe zimenezo.

Khadili ndi la mini PCIe, lochotseka, lokhala pafupi ndi RAM. Ndagula la Intel 7260 logwiritsidwapo kale, lotsika mtengo kuposa SSD ija. Chenjezo lenileni musanagule: malaputopu ena ali ndi mndandanda mu BIOS wa makhadi okhawo amene amawalola, ndipo mukaika lina amakana kuyaka n'komwe. Fufuzani za mtundu wa laputopu yanu kaye. Yanga ilibe mndandanda wotero.

Tizingwe tiwiri ta eriyo timakanikizidwa pa timitu tating'ono kwambiri. Tikanikizeni molunjika ndi chala, osati ndi chitsulo. Nditayatsa, manetiweki aoneka pa kachizindikiro ka pa Deskbar, ndalowetsa mawu achinsinsi, yalumikizana. Bluetooth ya pa khadi lomwelo sindinavutike nayo, chifukwa mbali imeneyo mu Haiku ikadali kumayambiriro.

Ndalama zatuluka kawiri tsopano, pa SSD ndi pa khadi.

20 Okutobala: kuzolowera desktop

Lero sindinakonze kanthu. Ndangoigwiritsa ntchito, ndipo ndikufuna ndilembepo mofatsa chifukwa apa ndi pamene pali phindu la mavuto a m'mbuyomu.

Deskbar imakhala pakona ya kumanja, pamwamba. Imaonetsa nthawi, tizizindikiro ta netiweki ndi batire, ndi mndandanda wa mapulogalamu amene akuyenda. Tracker ndiyo imaonetsa mafoda ndi desktop. Ziwirizi sizongotengera za BeOS, ndi zomwezo: Be Inc. inatulutsa khodi yake poyera mu 2000, ndipo yakhala ikukonzedwa kuchokera pamenepo.

Windo lililonse lili ndi kamutu kachikasu kamene sikadzaza m'lifupi monse. Poyamba kamaoneka ngati kakale chabe. Koma gwirani Shift, mukakokere cham'mbali, kamatsetsereka. Gwirani batani lokhala ndi chizindikiro cha Windows, mukokere windo lina mpaka mitu iwiriyo ikhudzane, mawindowo amasanjikizana kukhala limodzi la mitu iwiri, ngakhale akhale a mapulogalamu osiyana. Mukagunditsa m'mbali m'malo mwa mitu, amamatirirana, ndipo mukasuntha limodzi linzake limatsatira. Ndamatiriza foda ya zojambula kumanzere ndi ShowImage, yoonera zithunzi, kumanja, ndipo pamenepo ndi pogwirira ntchito panga.

China chimene ndachikonda: dinani kumanja kwa mausi pa foda iliyonse, pamatuluka menyu ya zamkati mwake, ndipo mutha kutsika foda ndi foda popanda kutsegula windo ngakhale limodzi. Kusamutsa fayilo kulinso chimodzimodzi, kudzera pa "Move to".

Chosokoneza zala ndi Alt. Kukopera ndi Alt+C, kumata ndi Alt+V, osati Ctrl. Mu Keymap muli batani losinthira kuti zikhale ngati pa Windows ndi Linux. Ndinalidina, kenako ndinabwezera mwakale nditaona ubwino wake mu Terminal: Ctrl+C imaimitsa pulogalamu, Alt+C imakopera, ndipo ziwirizi sizilimbana. Zala zikuphunzira.

Palibe chikundipempha kuti ndilembetse akaunti. Palibe uthenga ukutumphuka pakona. Ndikatsegula pulogalamu ya Haiku yeniyeni, imatseguka chala chisanachoke pa mausi, pa kompyuta ya zaka zoposa khumi.

26 Okutobala: mapulogalamu ndi mafonti

HaikuDepot ndi kumene mumapeza mapulogalamu, ndipo pa Terminal ntchito yomweyo imagwiridwa ndi pkgman. Ndaika LibreOffice. Ikuyenda, ngakhale ikutseguka mochedwerapo kuposa mapulogalamu obadwira pa Haiku ndipo maonekedwe ake akuonetsa kuti ndi yobwera. Pa zolemba za tsiku ndi tsiku StyledEdit ikundikwanira.

Mafonti anandiimitsa pang'ono. Ndinafuna kuwakopera mu /boot/system/data/fonts, Tracker n'kukana. Chifukwa chake ndi chomwe chija: phukusi lililonse la .hpkg silimasulidwa pa disiki, limangooneka ngati mafayilo pamalo ake, ndipo malowo salembeka. Zanuzanu zili ndi malo ake, mafoda otchedwa non-packaged. Ndapanga /boot/home/config/non-packaged/data/fonts, ndaikamo mafonti, aoneka.

Pa intaneti ndinene mosabisa. WebPositive, browser imene imabwera ndi sisitimu ndipo inamangidwa pa WebKit, imatsegula bwino masamba a zolemba. Masamba olemera, odzaza mavidiyo, amaichedwetsa, ndipo ena satseguka mokwanira. Ndaikanso browser ina ya Falkon kuti ndizitembenukirako pakavuta. Haiku sinayambe kugwiritsa ntchito mphamvu za 3D za khadi la zithunzi, ndiye zonse zimagwera purosesa ndipo fani imamveka. Amene moyo wake wonse wa pa kompyuta uli mu browser, sisitimu iyi imuvutitsa. Ine kompyutayi sindinaikonzere zimenezo.

2 Novembala: kuyamba kulemba ma attribute

Tsopano ntchito yeniyeni.

Pa BFS fayilo iliyonse itha kunyamula mfundo zina pambali pa zamkati mwake, ndipo mfundo iliyonse ili ndi dzina, mtundu ndi zimene mwalembamo. Awa ndiwo ma attribute. Haiku imawagwiritsa ntchito paliponse. Imelo iliyonse ndi fayilo payokha, yokhala ndi wotumiza, mutu ndi tsiku ngati ma attribute, ndipo foda ya maimelo ndi windo wamba la Tracker. Mu People, pulogalamu yosungira maadiresi, munthu aliyense ndi fayilo yopanda kanthu mkati, koma dzina, foni ndi adiresi zili mu ma attribute. Zili ngati kalata yamatidwa kapepala pa envelopu, koti muwerenge za mkatimo musanatsegule.

Ndikufuna atatu pa chojambula chilichonse: wolemba, chaka ndi nkhani yake. Mu FileTypes ndasankha mtundu wa JPEG, pansi pa "Extra attributes" ndawonjeza atatuwo. Aliyense amafuna mayina awiri, looneka kwa munthu ndi lamkati. Amkatiwo ndawatcha Nkhokwe:wolemba, Nkhokwe:chaka ndi Nkhokwe:nkhani. Wolemba ndi nkhani ndi a mtundu wa string, kutanthauza mawu. Chaka ndachiika ngati nambala ya 32-bit, ndipo apa ganizani bwino musanayambe, chifukwa ndi nambala yokha imene mudzatha kuifunsa kuti "zaka za pakati pa chakuti ndi chakuti" mosakayika. Chongani kuti aoneke komanso kuti alembeke mu Tracker. Ndabwereza zomwezo pa mtundu wa PDF, ndi mayina amkati omwewo ndendende.

Mu foda ya zojambula, ndasintha kaonekedwe kukhala ka mndandanda, ndipo pa menyu ya Attributes atatu aja aoneka ngati mizati. Mumadina pa mzati, mumalemba, Tab imakupititsani pa wotsatira. Foda yasanduka tebulo, popanda pulogalamu ya database, popanda fayilo yobisika.

Pomwe mafayilo ambiri ali a chaka chimodzi, Terminal imafulumira. Lamulo loti addattr -t int32 Nkhokwe:chaka 1998 *.jpg limalemba chakacho pa zithunzi zonse za mu foda nthawi imodzi. Kuti muone zimene fayilo yanyamula, listattr imakuuzani.

Ntchitoyi ndi yochedwa ndipo palibe njira yachidule. Kalata iliyonse iyenera kutsegulidwa, kuwerengedwa, n'kudziwa kuti analemba ndani. Zina zilibe tsiku, ndiye ndikumayerekeza ndi sitampu kapena ndi nkhani za mkatimo. Zimene sindikutsimikiza ndikuzisiya zopanda chaka m'malo moikapo chongopeka.

9 Novembala: kufufuza sikukupeza kanthu

Nditalemba mafoda angapo, ndadina Alt+F kuti ndiyese. Ndasankha kufufuza ndi attribute, ndalemba dzina la wolemba amene ndikumuona ndi maso pa mzati. Zotsatira: palibe.

Kulemba attribute ndi kuiika mu index (mndandanda wofufuzira) ndi zinthu ziwiri zosiyana. BFS imafufuza mwachangu chifukwa siitsegula fayilo iliyonse, imangoyang'ana mu index. Dzina, kukula ndi tsiku losinthidwa zili mu index kuyambira pachiyambi, pamodzi ndi ma attribute ena amene sisitimu imagwiritsa ntchito. Anu atsopano mulibe. Lamulo la lsindex limaonetsa amene alimo.

Ndapanga atatu: mkindex -t string Nkhokwe:wolemba, chimodzimodzi pa nkhani, ndi mkindex -t int Nkhokwe:chaka. Ndafufuzanso, palibebe.

Apa pali msampha wachiwiri. Index yatsopano imangolandira zimene zalembedwa iyo itapangidwa kale. Mafayilo akale sawaona. Yankho ndi reindex. Ndalemba reindex -r, dzina la attribute, kenako foda yaikulu, ndipo ndatero pa aliyense mwa atatuwo. Pamenepo zonse zatuluka.

Choncho dongosolo labwino ndi ili: FileTypes, kenako mkindex, kenako kuyamba kulemba. Dziwaninso kuti index ndi ya disiki imodzi. Disiki ina ya BFS imafuna yakeyake. Ndipo attribute ya string yoti ilowe mu index isakhale yaitali, malire ake ndi pafupifupi zilembo 255, ndiye pa nkhani ndikumalemba mawu ochepa, osati chiganizo.

Kufufuza ndi attribute kumafuna kuti musankhe mtundu umodzi wa fayilo. Popeza zanga ndi JPEG ndi PDF zosakanikirana, ndikugwiritsa ntchito "by formula", momwe ndimalemba mwachitsanzo Nkhokwe:chaka>=1990 && Nkhokwe:chaka<2000, n'kupeza zonse za zaka khumi zimenezo mosasamala mtundu kapena foda.

Chimene chandisangalatsa koposa n'chakuti zotsatirazo ndi zamoyo. Ndasiya windo la query, funso lofufuzira lija, lili lotsegula, ndalemba 1994 pa kalata ina mu foda ina, ndipo nthawi yomweyo kalatayo yaonekera pa mndandanda. Query imasungika ngati fayilo mu /boot/home/queries, ndipo mutha kuikokera pa desktop n'kumaitsegula ngati foda. Tsopano kalata imodzi imapezeka pa wolemba wake, pa chaka chake ndi pa nkhani yake, pamene pa disiki ili malo amodzi okha. Funso lija loti "kodi iyi ilowe mu foda ya munthu kapena ya chaka" latha.

16 Novembala: kuyesa zosunga padera

Ntchito yochuluka chonchi siingakhale pa SSD imodzi yogwiritsidwapo kale. Ndisanadalire njira iliyonse, ndayesa ndi foda imodzi: kuikopera pa fulashi ya FAT32, kenako kuibwezera pa dzina lina.

Zithunzi zabwerera zonse. Mizati itatu ija yabwerera yopanda kanthu.

Ichi ndicho chinthu choopsa kwambiri pa ntchito yonseyi, ndipo sichichenjeza. Ma attribute sali mkati mwa fayilo, ali pa BFS. Fayilo ikapita pa disiki ya mtundu wosawadziwa, kapena ikatumizidwa pa imelo, imapita yokha. Munthu atha kusunga chaka chathunthu pa fulashi ali ndi mtima wokhazikika, n'kudzazindikira tsiku limene disiki yafa.

Ndakonza njira zitatu, ndipo iliyonse ili ndi chifukwa chake. Disiki yakunja ndaikonza ngati BFS, ndapangapo ma index atatu aja ndisanakopere, kenako ndakopera ndi Tracker. Pa Terminal, copyattr --data --recursive imatenga fayilo pamodzi ndi ma attribute ake. Ndayesa kufufuza pa disiki yakunjayo, zikupezeka.

Yachiwiri ndi zip. Zip ya pa Haiku imasunga ma attribute mkati mwa fayilo yopanikizidwayo, ndiye itha kukhala pa FAT32 kapena kwina kulikonse, ndipo mukadzaimasula pa Haiku zonse zimabwerera. Ndayesa, ndi zoona. Mukaimasula pa sisitimu ina mupeza zithunzi zokha.

Yachitatu ndi ya tsiku limene Haiku sidzakhala pafupi. Linux imatha kuwerenga disiki ya BFS koma siilembapo, ndipo sisitimu zambiri siziidziwa n'komwe. Zolemba za banja siziyenera kudalira sisitimu imodzi, ngakhale ndiikonde bwanji. Ndalemba kasikiripiti ka bash kamene kamadutsa fayilo iliyonse, kamawerenga ma attribute atatuwo ndi catattr, n'kulemba mzere umodzi mu fayilo ya CSV (tebulo la zolemba wamba): njira ya fayilo, wolemba, chaka, nkhani. CSV imeneyo ikukhala pamodzi ndi zithunzi pa fulashi wamba. Kompyuta iliyonse itha kuitsegula, ndipo kuchokera pa iyo nditha kubwezeretsa ma attribute ndi addattr.

23 Novembala: update yaimitsa pulogalamu

SoftwareUpdater inaonetsa mapaketi atsopano, ndinavomera, ndinayatsanso. Pulogalamu ina yoonera PDF imene ndinatsitsa inasiya kutseguka, ikudandaula za library, khodi imene mapulogalamu amagwiritsa ntchito limodzi.

Apa mapaketi osalembeka aja anandibwezera zabwino. Nthawi iliyonse mukaika kapena kusintha phukusi, Haiku imasunga mmene zinthu zinalili mu /boot/system/packages/administrative, mu foda yokhala ndi tsiku ndi nthawi pa dzina lake. Pa menyu ya Space ija, pomwe mumasankha disiki yoyakira, muthanso kusankha imodzi mwa nthawi zimenezo. Ndasankha ya update isanachitike, pulogalamu yatseguka. Izi zanditsimikizira kuti vuto labwera ndi update, osati ndi mafayilo anga.

Kusankhako ndi kwa kuyaka kumodzi. Mukayatsanso mumabwerera pa zatsopano. Koma mapaketi akale amakhala ali mu foda ija, ndiye ndatenga lakale la library yovutayo n'kuliikanso ndi pkgman. Zikuyenda, ndipo ndidikira kuti pulogalamuyo imangidwenso pa library yatsopano. Mafoda akalewa amadya malo pakapita nthawi, ndipo akale kwambiri mutha kuwafufuta. Ine ndikusiya aposachedwa.

30 Novembala: batire, chitetezo ndi zotsala

Kutseka chivindikiro cha laputopu sikuigoneka. Haiku ilibe sleep. Ndinazindikira bwino izi pamene batire lakalelo linatha kompyuta ili chiyakire, ikukopera mafayilo. Itayakanso ndinayendetsa checkfs /boot, ndipo disiki inali bwino. BFS ili ndi journal, imene imateteza kamangidwe ka disiki magetsi akaduka mwadzidzidzi, koma siilonjeza kuti fayilo imene inali kulembedwa pa mphindi imeneyo ikhala yathunthu. Fayilo yomaliza inali yoduka, ndipo ndinaikoperanso. Chizolowezi chatsopano n'chakuti ndikamaliza ndimazimitsa. Pa SSD imayaka m'masekondi ochepa, ndiye sizikundilemera. Batire latsopano sindigula pakali pano, kompyutayi izikhala pa desiki.

Za chitetezo muzidziwe musanaikepo zachinsinsi. Haiku ndi ya munthu mmodzi. Siifunsa mawu achinsinsi poyaka, ndipo amene wayatsa ali ndi mphamvu pa chilichonse. Mapepala a banki ndi ziphaso sindikuziika pano, zikhala pa disiki yokhomedwa ya kompyuta ina. Makalata ndi zithunzi ndizo zikhale pa Haiku.

Zogula zikadali ziwiri zija, SSD ndi khadi la Wi-Fi. Zojambula zimene zalembedwa ma attribute sizinafike theka, ndipo ndazindikira kuti pakufunika wachinayi, wa wolandira kalata, chifukwa makalata ambiri ndimawakumbukira ndi amene analembedwera osati amene analemba. Ameneyu ndiyamba ndi mkindex, kenako ndiwonjeze mzati wake mu kasikiripiti ka CSV.

Nkhani ya kuwala kwa sikirini sindinaisiye. Sabata ya mawa ndiika nightly yatsopano (Haiku yoyeserera imene imamangidwa pafupipafupi) pa fulashi, ndiyatse popanda kuzimitsa dalaivala uja, ndione ngati vutolo linakonzedwa beta5 itatuluka. Likakhalapobe, nditenga /var/log/syslog ya kuyaka kokanikako pamodzi ndi zotuluka pa listdev, ndizitumize kwa olemba Haiku pa malo awo olembera mavuto, popeza khadi ngati langali mwina palibe aliyense wa iwo ali nalo pa desiki.